Mafunso a Owerenga: Thandizo Lenileni pa Autism ndi ADHD

M'miyezi yapitayi makalata ambiri amene afika patsamba lino akhala akunena za ana amene madokotala awapeza ndi autism, kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo kumene kumakhudza kalankhulidwe ndi kachezedwe, kapena ADHD, vuto la kusakhazikika ndi kusatchera khutu. Nkhani za m'makalatawo n'zosiyanasiyana, koma pafupifupi onse akufunsa chinthu chimodzi, chomwe ndi kusiyanitsa thandizo lenileni ndi malonjezo opanda pake. Ndasankhapo makalata asanu ndi imodzi, ndawafupikitsa, ndipo ndachotsa mayina a olemba. Mayankhowa sangalowe m'malo mwa dokotala amene wamuona mwana wanu ndi maso, koma akuthandizani kudziwa zoti mukafunse mukakhala naye pansi.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka zitatu ndi miyezi iwiri. Salankhula, kupatula mawu awiri kapena atatu amene amangowabwereza. Ndikamuitana dzina satembenuka, chonsecho makutu ake anayezedwa ndipo akumva bwinobwino. Akafuna madzi amandigwira dzanja n'kundikokera pamene pali kapu, osandiyang'ana kumaso. Mwezi wathawu dokotala wa ana anatiuza kuti ali ndi autism, koma sanatilembere mankhwala alionse. Kodi anangotinyalanyaza? Ndi mankhwala ati amene ndingapemphe kuti mwana wangayu achire? Ndine mayi wosowa mtengo wogwira.

YANKHO: Amayi, dokotalayo sanakunyalanyazeni. Palibe mankhwala akumwa kapena obaya amene amachotsa autism, ndipo ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa m'miyezi ikubwerayi mudzakumana ndi anthu ambiri okuuzani zosiyana ndi zimenezi. Autism si matenda amene amalowa m'thupi n'kudzatulukamo. Ndi kusiyana kwa mmene ubongo wa munthu unakulira, ndipo kumakhudza kalankhulidwe, kachezedwe ndi anthu ena, komanso mmene munthuyo amamvera phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa pakhungu. Dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore, ku America, anafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane mu 1943 atatsatira ana 11, ndipo bungwe la World Health Organization linayerekezapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi autism.

Komabe kusowa kwa mankhwala sikutanthauza kuti mungokhala manja lende. Pamsinkhu wa mwana wanu thandizo lalikulu ndi kumuphunzitsa kuti akapereka chizindikiro kwa munthu wina pamakhala chotsatira chabwino, ndipo ntchito imeneyi imachitika kwambiri pakhomo, osati m'chipinda cha dokotala. Tiyeni titenge nkhani ya kapu imene mwalembayi. Mwana akakukokerani pamene pali madzi ndiye kuti walankhula kale, kungoti walankhula ndi dzanja. M'malo mofulumira kumupatsa kapu yodzaza, khalani pansi kuti nkhope yanu iyang'anizane ndi yake, gwirani kapuyo pafupi ndi tsaya lanu, ndipo dikirani mwakachetechete masekondi asanu kapena khumi. Akangoyang'ana kwa inu, kaya kuloza, kaya kutulutsa liwu lililonse, nenani mawu amodzi okha akuti "madzi" n'kumupatsa nthawi yomweyo. Thiranimo pang'ono kuti amalize msanga n'kupemphanso, motero ludzu limodzi limakupatsani mipata inayi kapena isanu yophunzitsira. Musamum'mane madzi mpaka kufika polira, chifukwa mwana amene wakwiya saphunzira kanthu. Chitaninso chimodzimodzi posamba, povala ndi posewera, ndipo posewerapo tsatirani chimene iye wachikonda: ngati akundanda zivindikiro za mabotolo, khalani pambali pake, ndandani zanu, ndipo tchulani zimene akuchita ndi mawu afupiafupi.

Njira imeneyi si yongoganizira. Mu 2010 ofufuza a ku Britain, motsogozedwa ndi Pulofesa Jonathan Green wa ku Manchester, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana 152, mmene makolo ankajambulidwa pakanema akusewera ndi ana awo, kenako n'kumaonera kanemayo pamodzi ndi katswiri kuti aone zizindikiro zing'onozing'ono za mwana zimene ankaziphonya. Atawatsatiranso anawo patapita zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, anapeza kuti zizindikiro za autism zinali zocheperapo mwa ana amene makolo awo anaphunzitsidwa, ngakhale kuti pamayeso a chilankhulo magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni. Ndatchula mbali yachiwiriyi kuti muone kukula kwenikweni kwa phindu lake: ndi phindu loona komanso lokhalitsa, koma si chozizwitsa. Bungwe la World Health Organization nalonso linakonza maphunziro a makolo ndi olera ana a zaka ziwiri mpaka zisanu ndi zinayi amene akuchedwa kukula, otchedwa Caregiver Skills Training, ndipo ndi bwino kufunsa kuchipatala ngati amaperekedwa kufupi ndi kumene mukukhala.

Ngati mungathe kupeza katswiri wa kalankhulidwe, mufunseni za kugwiritsa ntchito zithunzi kapena zizindikiro za manja. Njira ina yotchuka, yotchedwa PECS, inayamba mu 1985 ku Delaware, ndipo mwana amapereka kachithunzi ka chinthu chimene akufuna m'manja mwa munthu wamkulu n'kulandira chinthucho. Makolo ambiri amaopa kuti zithunzi zichititsa mwana ulesi wolankhula, koma kafukufuku sanasonyeze zimenezo, ndipo mwana amene wapeza njira yopemphera zimene akufuna amachepetsa kulira ndi kudzigwetsa pansi. Palinso akatswiri ena amene amaphunzitsa ntchito za tsiku ndi tsiku monga kuvala, kugwira supuni ndi kupita kuchimbudzi, ndipo amathandizanso mwana amene amavutika ndi phokoso kapena zovala zomukanda.

Mudzamvanso za njira yotchedwa ABA, imene imagawa luso lililonse m'tizigawo ting'onoting'ono n'kumapereka mphoto mwana akachita bwino. Inatchuka pambuyo pa kafukufuku wa Ivar Lovaas wa ku Los Angeles mu 1987, amene ana ankaphunzitsidwa maola pafupifupi 40 pamlungu. Ana ena apindula nayo, makamaka pa kudzisamalira, koma akuluakulu ambiri amene ali ndi autism, amene anadutsamo ali ana, amadandaula kuti ankakakamizidwa kubisa chibadwa chawo kuti aoneke ngati ena. Maganizo anga ndi akuti dzina la njira lisakutengeni mtima, koma funsani mphunzitsiyo cholinga chake. Ngati cholinga ndi chakuti mwana athe kupempha, kukana, kudzisamalira ndi kupewa ngozi, pitirizani. Ngati cholinga ndi kumuletsa kukupiza manja kumene sikupweteka aliyense, kapena kumukakamiza kuyang'ana anthu m'maso iye akuvutika, ndipo makamaka ngati pali chilango kapena ngati sakukulolani kuonerera phunziro, mutengeni mwana wanu muzipita.

Palibe munthu angakuuzeni lero kuti mwana wa zaka zitatu adzafika pati. Ambiri amene salankhula pamsinkhu umenewu amadzayamba kulankhula pambuyo pake, ena amakhala ndi mawu ochepa moyo wawo wonse koma amalumikizana ndi anthu m'njira zina. Sungani kope, ndipo mlungu uliwonse muzilembamo mawu, zizindikiro ndi maluso atsopano, chifukwa kusintha kwa ana otere kumabwera pang'onopang'ono kwambiri moti munthu amene amakhala nawo tsiku lililonse sakuona msanga.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 8 sakhazikika m'kalasi. Amadzuka pampando aphunzitsi ali mkati mophunzitsa, amayankha funso lisanathe, ndipo chaka chino chokha wataya mabuku anayi. Ndayesa kumulanga koma palibe chasintha. Katswiri wanena kuti ndi ADHD ndipo akuganiza zomuyambitsa mankhwala otchedwa methylphenidate. Ine ndinamva kuti amenewa ndi mankhwala osokoneza bongo ndipo mwana akawayamba sangawasiyenso. Ine ndikukana, amayi ake akuvomera, ndipo nkhaniyi yatisowetsa mtendere. Ndine bambo wa ana atatu.

YANKHO: Bambo, nkhawa yanu ndi ya kholo losamala, ndipo ikuyenera kuyankhidwa mosabisa kanthu. Choyamba onetsetsani kuti kuyezako kunachitika mokwanira. Kuti anene kuti ndi ADHD, zizindikiro ziyenera kukhala zitayamba mwana asanakwanitse zaka 12, zitakhalapo kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, zikuoneka m'malo osachepera awiri monga kunyumba ndi kusukulu, ndiponso zikumusokonezadi pamaphunziro kapena pakukhala ndi anzake. Katswiri wabwino amafunsanso za maso, makutu, tulo, nkhawa ndi vuto la kuwerenga, chifukwa mwana amene saona bwino pabolodi, kapena amene amaliza mkonono ndi kubanika usiku wonse, amathanso kusakhazikika masana.

Ngati zonsezi zinatsatidwa, dziwani kuti chilango sichinaphule kanthu chifukwa vuto la mwana wanu si kusadziwa lamulo. Lamulo amalidziwa, ndipo mukamufunsa akhoza kulinena lonse, koma mbali ya ubongo imene imagwira munthu kuti ayambe waganiza asanachite kanthu imachedwa kugwira ntchito mwa iye. Vutoli limayenda kwambiri m'magazi, moti si zachilendo kholo kudzizindikira lokha pomvetsera mafunso amene mwana wake akufunsidwa.

Mankhwalawa si atsopano. Mu 1937 dokotala Charles Bradley wa ku Rhode Island anaona kuti ana osakhazikika amene anawapatsa mankhwala a gulu lomweli anayamba kutchera khutu m'kalasi, ndipo methylphenidate weniweniyo anapangidwa ku Switzerland mu 1944. Amawonjezera mphamvu ya timadzi ta muubongo totchedwa dopamine ndi noradrenaline, timene timathandiza munthu kuika maganizo pachinthu chimodzi. Pafupifupi ana asanu ndi awiri mwa khumi alionse amene apatsidwa mankhwalawa amasintha mooneka. Mapiritsi ena amayamba kugwira ntchito pasanathe ola limodzi n'kutha mphamvu pakapita maola atatu kapena anayi, pamene ena amagwira maola asanu ndi atatu mpaka khumi ndi awiri. Izi zikutanthauza kuti mudzadziwa m'masiku ochepa ngati akuthandiza, ndipo ngati sakuthandiza kapena akumuvuta, dokotala akhoza kuwasintha kapena kuwaleketsa.

Kafukufuku wamkulu wa ku America ndi Canada, wodziwika ndi dzina lakuti MTA, anatsatira ana 579 kwa miyezi 14 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1999. Pa zizindikiro zenizeni za ADHD, mankhwala operekedwa mosamala anaposa maphunziro a khalidwe paokha, koma ana amene analandira zonse ziwiri ankafunika mlingo wocheperapo wa mankhwala, ndipo makolo awo anakhutira kwambiri ndi thandizolo. Patapita zaka zingapo kusiyana kwa maguluwo kunazimiririka. Phunziro lake ndi lakuti mankhwala amagwira ntchito panthawi imene akumwedwa ndipo amatsegula mpata woti mwana aphunzire, koma saphunzitsa okha luso lililonse.

Pa nkhani ya kusokoneza bongo, n'zoona kuti maboma ambiri amawayang'anira mwapadera mankhwalawa, chifukwa munthu wowamwa mopitirira mlingo kapena wopanda vutoli akhoza kuwagwiritsa ntchito molakwika. Koma kafukufuku wotsatira ana kwa zaka zambiri sanapeze kuti kumwa mlingo wolembedwa ndi dokotala kumawonjezera mpata woti mwana adzakhale chidakwa kapena wosuta zozunguza bongo akadzakula, pamene ADHD yosasamalidwa payokha imawonjezera mpata umenewo. Zovuta zimene muyenera kuyang'anira ndi zina: kuchepa kwa chilakolako cha chakudya, kuchedwa kugona, mutu kapena m'mimba kupweteka m'masiku oyamba, kukwera pang'ono kwa kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, komanso kuchedwa pang'ono kutalika. N'chifukwa chake mwana ayenera kuyezedwa msinkhu, kulemera ndi kuthamanga kwa magazi asanayambe ndiponso nthawi ndi nthawi, ndipo muyenera kuuza dokotala ngati m'banja mwanu muli matenda a mtima kapena wina anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono. Mwana akamaoneka wozizira ngati wachotsedwa moyo, ndiye kuti mlingo wachuluka, ndipo si mmene ziyenera kukhalira. Aliponso mankhwala a gulu lina, monga atomoxetine ndi guanfacine, amene amatenga milungu ingapo kuti ayambe kuonetsa mphamvu.

Kaya muvomera mankhwala kaya ayi, pali ntchito imene mungayambe mawa. Gwirizanani ndi aphunzitsi pa zolinga zitatu zokha, mwachitsanzo kukhala pampando mpaka phunziro litatha, kukweza dzanja asanayankhe, ndi kubwera ndi mabuku onse kunyumba. Zilembeni pakakhadi, aphunzitsi azichonga tsiku lililonse, ndipo madzulo omwewo mwana azilandira kamphoto kakang'ono monga nthawi yosewera nanu mpira. Mphoto ya kumapeto kwa chaka ili kutali kwambiri kwa mwana wotere. Pempheni aphunzitsi amukhazike kutsogolo, kutali ndi zenera, ndipo azimutuma kukapukuta bolodi kapena kugawa makope kuti apeze chifukwa chovomerezeka chodzukira. Kunyumba muzimupatsa lamulo limodzi panthawi imodzi, mutamuyandikira ndi kumugwira paphewa. Kwa ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi, madokotala a ana ku America amalangiza kuyamba ndi maphunziro a makolo otere mankhwala asanaganiziridwe. Ndikupemphani kuti ulendo wotsatira mupite kwa katswiriyo limodzi ndi amayi, mukagwirizane zoyesa kwa nthawi yodziwika, ndipo mukalembe zinthu zimene mudzayang'ane poweruza ngati zathandiza.

FUNSO: Mdzukulu wanga ankakula bwino, ndipo anali atayamba kutchula mawu angapo, koma atalandira katemera wa chikuku anasiya kulankhula ndipo tsopano akuti ali ndi autism. Mpongozi wanga ali ndi khanda lina, ndipo ine ndamuuza kuti asalibayitse. Kodi ndalakwa? Ndine agogo.

YANKHO: Agogo, mwachita zimenezi chifukwa cha chikondi, koma ndikupemphani kuti mubweze mawu anuwo ndipo khandalo lilandire katemera. Mphekesera yoti katemera amayambitsa autism inachokera pa nkhani imene dokotala Andrew Wakefield analemba mu 1998 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, yonena za ana 12 okha. Pambuyo pake zinadziwika kuti nkhaniyo inali ndi chinyengo, magaziniyo inaichotsa mu 2010, ndipo chaka chomwecho Wakefield anafufutidwa m'kaundula wa madokotala ku Britain. Kafukufuku wa ku Denmark amene anatuluka mu 2019 anatsatira ana oposa 650,000 ndipo sanapeze kusiyana pakati pa obayidwa ndi osabayidwa pa nkhani ya autism, ngakhale mwa ana amene abale awo anali kale ndi vutoli.

Zimene munaona ndi maso anu n'zoona: ana ena amene ali ndi autism amasiyadi mawu amene anali atayamba, kawirikawiri m'chaka chawo chachiwiri. Imeneyi ndi nthawi yomwenso ana amalandira akatemera angapo, choncho zinthu ziwirizi zimakumana popanda china kuyambitsa chinzake. Chikuku chimapha, ndipo chimatha kusiya mwana wakhungu kapena wowonongeka ubongo. Chinanso, mpongozi wanuyo mumulimbikitse kuti asadziimbe mlandu. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 akatswiri ena ankaphunzitsa kuti autism imabwera chifukwa cha amayi osakonda ana awo, ndipo amayi ambiri anazunzika mumtima ndi bodza limeneli mpaka kafukufuku wa mapasa anasonyeza kuti gwero lalikulu ndi zachibadwa. Popeza abale a mwana wotere amakhala ndi mpata wokulirapo wokhalanso ndi autism, thandizo labwino limene mungapereke kwa khandalo ndi kuyang'anira kakulidwe kake ndi kuuza achipatala msanga mukaona kuti sakuloza zinthu kapena sakutembenuka akaitanidwa.

FUNSO: Mwana wathu wamkazi wa zaka 12 ali ndi autism ndipo amalankhula pang'ono. Kwa miyezi itatu tsopano wayamba kudzimenya m'mutu ndi kudziluma padzanja mpaka kutuluka magazi, ndipo usiku sagona. Tauzidwa za mankhwala otchedwa risperidone. Kodi ndi abwino? Ndife makolo otopa.

YANKHO: Makolo anzanga, mawu ofunika kwambiri m'kalata yanu ndi akuti "kwa miyezi itatu tsopano". Khalidwe limene layamba mwadzidzidzi mwa mwana amene sangathe kufotokoza bwino za m'thupi mwake liyenera kuonedwa poyamba ngati chizindikiro cha ululu. Pemphani kuti amuyeze mano, makutu ndi m'mimba, chifukwa dzino lobooka, khutu lotupa ndi kudzimbidwa ndi zina mwa zinthu zimene zimapezeka kawirikawiri mwa ana odzimenya. Pamsinkhu wakewu ganiziraninso za kupweteka kwa msambo, ndipo uzani dokotala ngati mwana amangoti duu kwa kanthawi osayankha, popeza khunyu imapezeka kwambiri mwa anthu amene ali ndi autism ndipo nthawi zina imayamba potha msinkhu. Funsaninso mofatsa ngati pali chimene chasintha kusukulu kapena kunyumba, kuphatikizapo kuthekera koti wina akumuzunza, chifukwa ana osalankhula bwino ndi amene amachitiridwa nkhanza mosavuta.

Kwa milungu iwiri lembani nthawi iliyonse imene wadzimenya: chinachitika n'chiyani zisanayambe, iye anachita chiyani, ndipo inu munatani. Kawirikawiri pamaoneka ndondomeko, mwina zimachitika pakakhala phokoso, mwina akauzidwa kusiya chimene akuchita popanda chenjezo. Mukadziwa chimene khalidwelo likunena, mungamuphunzitse njira ina yonenera zomwezo, monga khadi lopempha kupuma.

Risperidone ali ndi malo ake. Bungwe loona za mankhwala ku America linamuvomereza mu 2006 pochepetsa ukali ndi kudzivulaza mwa ana a zaka 5 mpaka 16 amene ali ndi autism, ndipo mu 2009 linavomerezanso aripiprazole. Sachiza autism, koma akhoza kutsitsa moto kuti mwana asadzivulaze pamene njira zina zikuyesedwa. Mavuto ake si ochepa: kunenepa msanga, kuwodzera, kutuluka dovu, kunjenjemera kapena kuuma kwa minofu, kusokonekera kwa msambo ndiponso kukwera kwa shuga m'magazi. Malangizo a ku Britain amati ayambidwe pamlingo wochepa, aunikidwe pakapita milungu itatu kapena inayi, ndipo asiyidwe ngati pofika milungu isanu ndi umodzi palibe kusintha kooneka. Musawaleketse mwadzidzidzi panokha. Za tulo, yambani ndi nthawi yogonera yosasintha, chipinda chamdima, ndi kuzimitsa foni ndi wailesi yakanema ola limodzi asanagone. Zikakanika, funsani dokotala za melatonin, amene wathandiza ana ambiri otere kugona msanga. Inunso muzisinthana usiku kuti wina agoneko, chifukwa ntchito imeneyi singatheke ndi makolo awiri amene onse sakugona.

FUNSO: Pa intaneti ndaona anthu akuchitira umboni kuti ana awo anachira atasiya zakudya za tirigu ndi mkaka, ena akuti pali mankhwala otsuka zitsulo m'magazi, enanso akugulitsa madontho osakaniza ndi madzi. Mlamu wanga akutinso shuga ndi amene amachititsa ana kusakhazikika. Ndiyese ziti? Ndine azakhali a mwana.

YANKHO: Azakhali, ziwiri mwa zimenezi musaziyandikire n'komwe. Mankhwala otsuka zitsulo m'magazi anapangidwira anthu amene apezekadi ndi poizoni wonga mtovu, ndipo sathandiza pa autism. Mu 2005 mnyamata wa zaka zisanu anamwalira ku Pennsylvania atabayidwa mankhwala otere, chifukwa anatsitsa mchere wa calcium m'magazi mpaka mtima unaima. Madontho amene amagulitsidwa ndi dzina lakuti MMS amatulutsa chlorine dioxide, amene ndi mankhwala oyeretsera zinthu m'mafakitale. Amawotcha m'mimba, ndipo kusanza ndi kutsegula m'mimba kumene ogulitsa amati ndi umboni wakuti matenda akutuluka ndi chizindikiro cha poizoni.

Kusiya tirigu ndi mkaka kunayesedwa m'kafukufuku wosamalitsa ndipo sikunasonyeze kuti kumachepetsa zizindikiro za autism. N'koyenera kwa mwana amene wapezeka kuti thupi lake siligwirizana ndi zakudyazo, koma kwa ena n'koopsa, chifukwa ana ambiri otere amasankha kale zakudya, ndipo kuwachotseranso zochepa zimene amalola kumatha kuwanyentcheretsa ndi kufooketsa mafupa awo. Za shuga, mu 1995 ofufuza anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana mmene makolo ndi ana sankadziwa amene wapatsidwa shuga weniweni, ndipo sanapeze kusiyana pakhalidwe. Kuchepetsa shuga n'kwabwino pa mano ndi pathupi, koma si mankhwala a ADHD. Umboni wa makolo umagwira mtima chifukwa ana amakula ndi kusintha ndithu, ndipo chilichonse chimene chinayesedwa panthawiyo chimalandira ulemu wa kusinthako. Munthu akamalonjeza kuchiza kotheratu, akamati njira yake imodzi imathetsa matenda ambirimbiri, kapena akamakuuzani kuti musauze dokotala, musamupatse mwana wanu ngakhale ndalama zanu.

FUNSO: Ndili ndi zaka 34. Mwana wanga atapezeka ndi ADHD ndinadziona ndekha m'mafunso onse amene ankafunsidwa, ngakhale kuti ndili mwana sindinali wovuta, ndinkangokhala duu maganizo ali kutali. Ndimaiwala misonkhano, ndimayamba ntchito zambiri osamaliza, ndipo ndalembedwapo kalata yochenjeza kuntchito. Kodi munthu wamkulu angathandizidwe? Ndine mayi wapantchito.

YANKHO: Amayi, angathandizidwe ndithu. Akuluakulu awiri kapena atatu mwa 100 alionse ali ndi ADHD, ndipo atsikana ambiri amaphonyedwa ali ana chifukwa mtundu wa vutoli umene umapezeka kwambiri mwa iwo ndi wa kusatchera khutu, umene susokoneza kalasi. Pitani kwa dokotala wa za maganizo kuti akuunikeni mokwanira, popeza nkhawa, matenda a kukhumudwa, kusowa tulo, kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro zimathanso kubweretsa kuiwala. Akhozanso kukufunsani za autism, chifukwa mavuto awiriwa amapezeka pamodzi kawirikawiri, ndipo kuyambira mu 2013 buku la madokotala a za maganizo ku America limalola kuti munthu mmodzi apezeke ndi onse awiri.

Mankhwala ake ndi a magulu omwe aja ndatchula poyankha bambo wa ana atatu, kuphatikizapo lisdexamfetamine, ndipo uphungu wa mtundu wa CBT, wophunzitsa munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, ukakonzedwera ADHD umathandiza pakugawa nthawi, kuyamba ntchito imene mukuizengereza ndi kuchotsa maganizo odzinyoza amene amaunjikana kwa zaka zambiri. Pakali pano khalani ndi buku limodzi lokha lolembamo zochita, tcherani belu la pafoni mphindi 15 msonkhano usanayambe, ndipo pemphani akuluakulu anu kuntchito kuti malangizo azikupatsani olembedwa. Musamwe mapiritsi a mwana wanu poyesa, ndipo ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa kapena muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, nenani zimenezi mankhwala asanalembedwe. Popita kwa dokotalayo tengani malipoti anu akale a kusukulu ngati alipo, kapena pitani ndi wachibale amene anakuonani mukukula, chifukwa adzafuna umboni wa mmene munalili musanakwanitse zaka 12.